Ophunzira Akamatolera Mphatso za Mabanja Osowa: Mafunso ndi Mayankho

Chaka chikamapendekera kumapeto, m'masukulu ambiri mumayamba kuoneka makatoni aakulu pafupi ndi zitseko za makalasi, ndipo ana amafika kunyumba ndi kakalata kopempha makolo kuti athandize mabanja osowa, nawonso aone chikondwerero. Pakamwa ntchitoyi imamveka yophweka: kutolera, kulongedza, kukapereka. Koma amene anaigwirapo akudziwa kuti chophweka n'kutolerako basi. Povuta ndi popereka mphatsoyo mwa njira yoti wolandira asatsale ndi manyazi. Ndakhala ndikutsogolera ophunzira pa ntchito imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, aphunzitsi anzanga ndi ana eniakewo amandifunsa chaka ndi chaka. Mayankho ena ndinawadziwa nditalakwitsa kaye.

Kodi ntchitoyi imayenda bwanji kwenikweni?

Pali njira zitatu zimene masukulu amakonda. Yoyamba ndi ya katoni: aliyense amaponyamo chimene wapeza, kenako ophunzira amasankhula n'kugawa. Ndi yachangu, koma mumatha kupezeka ndi zidole makumi asanu za ana aang'ono, popanda kanthu n'kamodzi komwe ka mnyamata wa zaka 15.

Yachiwiri ndi ya makhadi. Banja lililonse limanena zimene likusowa, ndipo zimalembedwa pa khadi lopanda dzina, mwachitsanzo: "Banja nambala 12, mtsikana wa zaka 9, nsapato za saizi yakuti, amakonda kujambula." Wophunzira mmodzi, kapena kalasi yonse, amatenga khadilo n'kupeza zimene zalembedwapo.

Yachitatu, imene ine ndimaikonda kuposa zinazo, ndi yoyala mphatso zonse m'chipinda chimodzi, n'kuitana makolo kuti abwere mmodzimmodzi adzasankhire okha ana awo. Imafuna malo, nthawi ndi akuluakulu osunga pakamwa. Ubwino wake ndi woti mwana amalandira mphatso kuchokera m'manja mwa mayi ake kapena bambo ake.

Kodi zimenezi zinayambira kuti?

Kupatsa osowa pa nyengo ya chikondwerero n'kwakale kwambiri. Za Nicholas, bishopu wa ku Myra wa m'zaka za m'ma 300, kudera limene lero ndi dziko la Turkey, amasimba kuti ankaponya matumba a golide usiku m'nyumba ya bambo wina wosauka wa ana aakazi atatu, dala kuti asadziwike. Nkhani ya Santa Claus inaphukira pa munthu ameneyu, ngakhale kuti mbali ya kubisalayo ndi imene ambiri aiiwala.

Kutolera mphatso mwa gulu monga tikuonera masiku ano kuli ndi mbiri yodziwika bwino. Mu 1947 ku Los Angeles, msilikali wina dzina lake Bill Hendricks anatumidwa ndi mkazi wake, Diane, kuti akapereke chidole chimene anasoka ku bungwe logawira ana osowa zoseweretsa. Atafunafuna osalipeza bungwe lotero, anayambitsa lake, Toys for Tots, ndipo chaka choyambacho anatolera zoseweretsa pafupifupi 5,000. Njira ya makhadi inatchuka ndi Charles ndi Shirley White a bungwe lachikhristu la Salvation Army, amene mu 1979 ku Lynchburg, ku Virginia, analemba zofuna za ana pa makhadi okhala ndi zithunzi za angelo n'kuwakoleka pamtengo wa Khirisimasi. N'chifukwa chake ntchitoyo imatchedwa Angel Tree mpaka lero. Ndipo mu 1990 Dave Cooke wa ku Wrexham, ku Wales, anayambitsa Operation Christmas Child potumiza thandizo kwa ana a ku Romania. Ntchito imeneyi, imene inapita m'manja mwa bungwe la Samaritan's Purse kuyambira 1993, ndi ija yodziwika ndi mphatso zolongedza m'timabokosi ta nsapato. Masukulu anangotengera njira zomwezi n'kuzichepetsa kuti zikwane m'kalasi.

Tiyambe liti?

Werengani masabata asanu ndi atatu kubwerera m'mbuyo, kuchokera pa tsiku lotsekera sukulu. Masabata awiri oyamba ndi ofunsa mabanja, atatu otsatira otolera, limodzi losankhula ndi kugula zoperewera, limodzi logawa. Sabata lotsalalo musalipatse ntchito, chifukwa mavuto adzalidya okha. Kumbukiraninso kuti kumapeto kwa teremu kumakhala mayeso. Mukayamba mochedwa, ntchito yonse imagwera aphunzitsi awiri ndi ana atatu okhulupirika aja.

Mabanja oti athandizidwe timawapeza bwanji?

Apa ndi pamene ntchito imakomera kapena kuonongekera. Ophunzira asatumidwe kukalemba mayina a anthu amene iwo akuwaona ngati osauka. Mwana amaweruza ndi maso: nyumba yakutha, malaya ong'ambika. Koma banja lina limachapa ndi kusita bwinobwino chikhalirecho linagona ndi njala, pamene lina looneka losasamalika silikusowa kanthu. Kuonjezera apo, mndandanda wolembedwa ndi ana umafika pabwalo la masewera dzuwa lisanalowe.

Ntchito yopeza mabanja ikhale ya munthu wamkulu mmodzi kapena awiri, monga mphunzitsi wopereka uphungu kapena mphunzitsi wamkulu, mogwirizana ndi anthu amene amagwira kale ntchito ndi mabanjawo: a zachisamaliro cha anthu, a zaumoyo, atsogoleri a zipembedzo kapena mabungwe othandiza a m'deralo. Iwowa amadziwa kumene kuli agogo akulera zidzukulu zisanu, kumene bambo ntchito inawathera mwezi watha, kumene mayi akhala m'chipatala nthawi yaitali.

Banja likapezeka, lifunsidwe. Funso loyamba ndi lakuti, "Kodi mungakonde kulandira nawo?" Ena amakana, ndipo kukanako n'kwawo, musawanyengerere ngati mwana wokana mankhwala. Amene avomera afunsidwe msinkhu wa ana, saizi ya zovala ndi nsapato, zimene anawo amakonda, ndi chimene chikusowa kwambiri pakhomopo. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukadalira zongomva kwa ena mudzagulira mwana nsapato zosakwana, ndiye afunseni eniake.

Dzina la banja lilembedwe m'kaundula mmodzi yekha wosungidwa motseka. Kwina konse, pa makhadi, pa makatoni ndi pa malisiti, pazioneka nambala yokha.

Nanga ngati mwana wa banja lolandira ali m'kalasi yomweyo imene ikutolera?

Zimachitika pafupifupi m'sukulu iliyonse, ndipo pano ndili ndi chilonda changa. Chaka china, pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, tinatolera zovala n'kugawira mabanja a ana a pa sukulu yomweyo. Tinadziona ngati ochenjera chifukwa tinagawa mwakachetechete, ana onse ataweruka. Sukulu itatsegulira, mtsikana wina anabwera atavala juzi lofiira limene analandira. Pa nthawi yopuma mnzake anafuula mosangalala, wopanda n'choipa chomwe mumtima, kuti, "Eee, limenelo ndi juzi langa lija!" Mtsikanayo sanalivalenso. Kwa masabata awiri ankabwera kusukulu akunjenjemera ndi chisanu, juzi lili kunyumba.

Chiyambire tsiku limenelo ndimachita zinthu ziwiri. Ngati zinthu zili zogwiritsidwa kale ntchito, timasinthana ndi sukulu ina yakutali: zathu zimapita kwawo, zawo zimabwera kwathu. Ndipo polankhula ndi kalasi ndinasiya mawu akuti "tikuthandiza amphawi". Ndimanena kuti "tikutolerera mabanja amene chaka chino chawavuta", pokumbukira kuti mmodzi mwa ana amene akundimvetserawo ndi wa banja lotero. Mwana ameneyo apatsidwenso ntchito monga anzake onse, kaya kulemba zikwangwani, kuwerenga katundu kapena kumata makatoni.

Maimonides, mphunzitsi wachiyuda amene anabadwira ku Córdoba, ku Spain, n'kumwalira ku Egypt mu 1204, anasanja kupatsa m'magawo asanu ndi atatu. Pamwamba penipeni anaika kuthandiza munthu kuti aziimira payekha. Chotsatira chake ndi kupatsa kumene wopereka ndi wolandira sadziwana. Ine tanthauzo la gawo lachiwirili ndinalimvetsa chifukwa cha juzi lija.

Kodi munthu wosowa amasankha? Bwanji osangolandira chimene chapezeka?

Funso ili ndimalimva chaka chilichonse, kawirikawiri kuchokera kwa munthu amene wabweretsa thumba la zinthu zimene zimamusowetsa malo kunyumba. Inde, amasankha. Kusowa ndalama sikuchotsa saizi ya phazi, ndipo sikusintha mtsikana wokonda mpira kuti azikonda zidole. Mphatso yosayenera munthu imangosanduka katundu woti asunge, kwinaku akukakamizika kunena zikomo.

Sikuti khadi lililonse likwaniritsidwe mmene lalembedwera. Mwana akapempha njinga pamene thumba silingakwanitse, wamkulu uja abwerere kwa makolo n'kukambirana za china. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha zofuna zitatu pa mwana aliyense: chimodzi chovala, chimodzi cha kusukulu, chimodzi chongosangalatsa mtima. Chachitatucho musachinyoze. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene linavomerezedwa pa 20 Novembala 1989, limanena m'ndime 31 kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera. Mwana wa banja losowa amalandira zinthu "zofunika" chaka chonse. Mpira wakewake mwina sanakhalepo nawo.

Kodi zinthu zogwiritsidwa kale ntchito n'zololedwa?

Zimatengera chimene mwalonjeza mabanja. A Toys for Tots poyamba ankalandira zoseweretsa zakale n'kuzikonza, koma kuyambira 1980 amagawa zatsopano zokhazokha. Sukulu zambiri sizingakwanitse lamulo lotero, ndipo buku lowerengedwa kamodzi kapena jekete limene mwana wangolikula lilibe vuto. Muyezo umene ndimauza ophunzira ndi uwu: kodi chinthuchi ungachipereke kwa mnzako wapamtima pa tsiku lake lobadwa, iye akukuyang'ana? Ngati yankho likuchedwa kubwera, chibwerere kunyumba. Zovala zam'kati, masokosi, misuwachi ndi zodzola zikhale zatsopano nthawi zonse. Zong'ambika, zothimbirira, masewera osowa zidutswa ndi mabuku olembedwalembedwa zisalowe n'komwe m'katoni.

Pali zinthu zoopsa zimene tiyenera kusamala nazo?

Zilipo, ndipo ophunzira osankhula aphunzitsidwe tsiku losankhula lisanafike. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa. Oyeza zoseweretsa amagwiritsa ntchito kachubu kotambalala masentimita 3.17, ndipo chinthu chimene chalowa chonse m'kachubuko chingathe kum'tsamwitsa mwana wa msinkhu umenewo. Yang'anani maso a zidole, mawilo a timagalimoto, mikanda ndi mabatani, n'kuzikoka pang'ono kuti muone ngati zikuthothoka.

Mabatire ang'onoang'ono ozungulira ngati batani ndi oopsa kuposa mmene amaonekera. Likakodwa kummero kwa mwana lingathe kuwotcha mnofu kwambiri m'maola awiri okha. Choseweretsa chilichonse chokhala ndi batire lotero chikhale ndi chotsekera chomanga ndi sikuluwu. Maginito ang'onoang'ono amphamvu nawonso ndi choncho: mwana akameza awiri kapena kuposa, amakokana ali m'matumbo n'kuwaboola. Mabaluni osapopa kapena ophulika amatsamwitsa ana osakwana zaka 8. Zingwe zazitali si za makanda.

Ngati mukutoleranso zakudya, zikhale zosachedwa kuonongeka, zosatsegula, ndipo deti lolembedwa papaketi likhale lisanadutse. Zitini zotupa kapena za dzimbiri zitayidwe. Mankhwala a mtundu uliwonse ayi.

Ndi ndani amene amaiwalika kawirikawiri?

Achinyamata a zaka 13 mpaka 17, makamaka anyamata. Aliyense amafuna kugula kadiresi ka mwana wa zaka zinayi, chifukwa n'kokongola komanso n'kosavuta kusankha. Makhadi a ana akuluakulu ndi amene amatsala pakhoma mpaka sabata lomaliza. Mwayi wake ndi woti ophunzira a kusekondale amadziwa bwino zimene anzawo a msinkhu wawo amafuna, kuposa mphunzitsi aliyense, ndiye makhadi amenewa apatseni iwowo. Atsikana a msinkhu umenewu amafunanso zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi, ngakhale kuti sangazilembe pa khadi. Ziikenimo mosachita kulengeza.

Ena oiwalika ndi makolo ndi agogo eniakewo. Mukawafunsa amati, "Ine ayi, bola anawa." Kabulangete kapena sopo wabwino wolembedwa kuti ndi wawo amawadabwitsa kwambiri. Ana olumala afunsiridwenso mwapadera kwa owasamalira, chifukwa choseweretsa chokomera ana ena chingakhale chopanda ntchito kwa iwo.

Kodi si bwino kungopereka ndalama m'malo mwa katundu?

Nthawi zambiri ndi bwino ndithu, ndipo sindibisa. Mu 1993 katswiri wa zachuma Joel Waldfogel anafunsa ophunzira a pa yunivesite ya Yale za mphatso zimene analandira pa nyengo ya Khirisimasi. Anapeza kuti olandira amaona mphatsozo kukhala zotsika mtengo kuposa ndalama zimene ogula anawononga, ndipo kusiyanako kunali pakati pa gawo limodzi mwa magawo khumi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ngati zimatero pakati pa abale ndi abwenzi, nanga pogulira munthu amene simunamuonepo? Mayi wa pakhomo amadziwa bwino chimene chatha m'nyumba mwake.

Komabe ntchito ya kusukulu ili ndi mbali inanso. Mwana wa zaka 8 sakhudzidwa ndi envulopu imene bambo ake amupatsira kuti akapereke kwa aphunzitsi. Amakhudzidwa akaima n'kuganiza kuti, "Mtsikana wa zaka 9 wokonda kujambula angakondwe ndi chiyani?" Choncho ine ndimaphatikiza. Ana amabweretsa mphatso za ana anzawo, ndipo ndalama zimene zasonkhedwa zimagula zoperewera kapena zimapita kwa makolo ngati vocha yoti akagulire zimene iwo akuona.

Ndalamazo asunge ndani?

Asasunge mwana, ndiponso asasunge mphunzitsi mmodzi yekha. Powerenga pakhale anthu awiri, onse asaine, ndipo ndalamazo zigone mu ofesi kapena ku akaunti ya sukulu tsiku lomwelo. Chogula chilichonse chikhale ndi lisiti. Ophunzira akuluakulu angathe kulemba buku la zolowa ndi zotuluka, ndipo apa masamu amawakomera kuposa a pabolodi. Ntchito ikatha, ikani pakhoma chikalata chosonyeza ndalama zimene zinalowa, zimene zinagwiritsidwa ntchito, ndi chiwerengero cha mabanja ndi ana amene alandira. Kholo limene laona malipoti chaka chino silivuta chaka chamawa.

Mwana wanga akuti kalasi yawo ikupikisana ndi makalasi ena, koma ife tilibe chopereka. Titani?

Musakongole ndalama chifukwa cha zimenezi, ndipo muuzeni mphunzitsi wake mwamseri. Kupereka kumeneku si msonkho. Kwa aphunzitsi anzanga ndinene mosapsatira: mpikisano wa makalasi umadzazadi makatoni, koma mtengo wake amalipira ndi mwana amene sanabweretse kanthu, anzake akamamuuza kuti "taluza chifukwa cha iwe". Umadzazanso makatoni ndi zinyalala, popeza aliyense akungofuna chiwerengero. Ngati mukufuna chowatenthetsa mtima ana, ikani cholinga chimodzi cha sukulu yonse, monga makhadi 60 oti athe pakhoma, onse aziona akuchepa tsiku ndi tsiku. Mayina a amene apereka asalembedwe pabolodi. Katoni ikhale pamalo poti munthu angathe kuponyamo kanthu kapena kungodutsa popanda womuwerengera.

Ndipo manja ndi chopereka. Ana amene amagwira ntchito molimbika kwambiri pa tsiku lolongedza nthawi zambiri ndi omwe aja analibe choponya m'katoni.

Kodi tingajambule zithunzi n'kuika pa Facebook kapena pa WhatsApp?

Jambulani makatoni, mulu wa mphatso, ndi ophunzira akulongedza ngati makolo awo avomereza. Mabanja olandira musawajambule, ngakhale nyumba zawo. Ena amati, "Koma tinawapempha ndipo anavomera." Munthu amene wanyamula mphatso yanu m'manja angakane bwanji? Kuvomera kotero ndi kwa pakamwa chabe. Chithunzi chikalowa pa intaneti sichibwerera, ndipo mwana amene lero ali ndi zaka 6 adzachipeza ali ndi zaka 16, kapena adzachipeza ndi anzake. Pangano la ufulu wa ana lija, m'ndime 16, limateteza chinsinsi cha mwana, banja lake, nyumba yake ndi ulemu wake. Ngati wopereka wina akuumirira kuti thandizo lake lidalira chithunzi, muthokozeni n'kumulola apite nalo.

Mphatsozo tizikulunge? Nanga akapereke ndani?

Ophunzira amakonda tsiku lokulunga kuposa masiku onse, ndiye yankho langa limawakhumudwitsa: ndi bwino kusakulunga. Kholo liyenera kuona chimene chikulowa m'nyumba mwake, litsimikize kuti saizi ndi yoyenera, ndipo lisankhe lokha nthawi ndi njira yoperekera. Ikani mapepala okulungira ndi tepi m'katonimo kuti makolo akakulunge okha. Ana okonda lumo ndi guluu angathe kukongoletsa katoniyo kapena kulemba makhadi a mafuno abwino, olembedwapo dzina la kalasi.

Kukapereka ndi ntchito ya wamkulu uja amene anacheza ndi banjalo poyamba, pa nthawi imene banjalo lasankha, makamaka ana ali kwina. Gulu la ophunzira ovala yunifolomu likafika pakhomo likuimba, anthu onse oyandikana nawo amadziwa kuti nyumba iyi ndiyo yosowa. Kumalo monga kosungirako okalamba kapena kuchipatala n'kosiyana, chifukwa kumeneko kuchezako ndiye mphatso yaikulu. Pitani mutapangana ndi oyang'anira malowo, ana akhale ochepa, ndipo aphunzitsi akhale nawo nthawi yonse. Wophunzira asapite yekha kunyumba ya munthu amene sakumudziwa, ngakhale kukatolera mphatso khomo ndi khomo.

M'sukulu mwathu muli ana a zipembedzo zosiyanasiyana. Kodi ntchitoyi si ya Akhristu okha?

Ayi. Asilamu amapereka kwa osowa chopereka chotchedwa Zakat al-Fitr pemphero la Eid lisanachitike, cholinga chake n'choti osowa nawonso akondwere tsikulo. Ayuda pa chikondwerero chawo cha Purim amalamulidwa kupereka mphatso kwa osauka. Palinso mabanja amene sachita chikondwerero chilichonse cha mtundu umenewu, ndipo mwana wawo asakakamizidwe kutenga nawo mbali. Dzina loti "mphatso za kumapeto kwa chaka" limakwanira aliyense. Funsani banja lolandira tsiku limene kwa iwo ndi lalikulu. Kumbukirani kuti Eid imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye singagwe mu Disembala nthawi zonse. Timapepala tokopa anthu kuti alowe chipembedzo china tisaikidwe m'makatoni a sukulu.

Kodi ophunzirawo amapindulanji? Sizikudya nthawi ya maphunziro?

Zimadya, ngati aphunzitsi achita zonse n'kusiyira ana ntchito yonyamula makatoni. Zikakhala m'manja mwa ophunzira, iwo amalemba makalata opempha, amapanga bajeti, amayerekeza mitengo, amagawana maudindo, amakangana n'kugwirizananso. Ndaonapo mnyamata wosalankhula m'kalasi chaka chonse akuyendetsa gulu la anthu khumi pa tsiku losankhula, kaundula ali m'manja.

Palinso chimwemwe cha kupatsako. Mu 2008 Elizabeth Dunn, Lara Aknin ndi Michael Norton anafalitsa kafukufuku amene mbali yake ina inali yopatsa anthu ndalama zochepa m'mawa. Ena anauzidwa kuti adzigulire kanthu, ena kuti agulire munthu wina. Pofika madzulo, amene anagulira ena ndiwo ananena kuti ali osangalala kwambiri. Chimwemwe chimenechi n'chabwino, koma chili ndi msampha wake: mwana angayambe kudziona ngati mpulumutsi wa anthu otsika. N'chifukwa chake ntchito ikatha ndimakhala nawo pansi n'kufunsa mafunso ovuta. N'chifukwa chiyani banja la anthu awiri ogwira ntchito tsiku lililonse likulephera kugula nsapato? Ukanakhala iwe wolandira, ukanafuna zichitike bwanji? Funso lachiwirili limabweretsa bata m'kalasi kwa kanthawi.

Mphatso ya tsiku limodzi ingasinthe chiyani pa umphawi?

Pa umphawi weniweniwo, pafupifupi palibe. Lendi ikadalipo, ngongole ikadalipo. Amene amadzudzula ntchito zoterezi ponena kuti zimangotonthoza mtima wa woperekayo ali ndi mfundo, ndipo ophunzira akuluakulu ayenera kuimva mfundoyo. Chimene mphatso imachita n'chaching'ono: kholo silikongola kuti ligule nsapato, ndipo sukulu ikatsegulira, anzake akamasimba zimene analandira, mwana uja naye ali ndi chonena. Kwa mwana wa zaka 7 chimenecho si chaching'ono.

Phindu lina limene ndaona ndi loti kaundula uja amatsegula maso a sukulu. Mphunzitsi amene anacheza ndi mabanja 30 amadziwa tsopano chifukwa chimene mwana wakuti amagonera m'kalasi ndi chimene wina amajombera Lolemba lililonse. Mabanja ena amalumikizidwa ndi mabungwe amene angawathandize chaka chonse. Ngati gulu lanu lili ndi mphamvu, sungani gawo la ndalama kuti lidzagwire ntchito teremu ikamayamba, pamene makope, zolembera ndi yunifolomu zikufunika koma opereka onse abwerera ku zawo.

Zikatsala kapena zikaperewera timatani?

Kuperewera kumapewedwa poyamba pomwe: musalonjeze mabanja ambiri kuposa amene mungakwanitse. Chaka choyamba yambani ndi mabanja khumi, ndipo ena akhale pa mndandanda wodikira osauzidwa kanthu mpaka mutatsimikiza. Sabata limodzi tsiku logawa lisanafike, werengani makhadi amene sanabwerere. Nthawi zonse pamakhala wina amene anatenga khadi n'kuiwala, ndipo ndalama zija n'zothandiza pamenepa. Onetsetsaninso kuti ana a m'nyumba imodzi alandira zofanana kukula kwake. Mmodzi akalandira mpira ndi nsapato, mlongo wake n'kulandira pensulo, mwasiya mkangano pakhomopo.

Zotsala zilembedwe m'buku. Zosaonongeka zisungidwe m'kabati yokiya kuti zithandize banja limene lingakumane ndi moto, maliro kapena matenda pakati pa chaka, ndipo zina ziperekedwe ku bungwe limene munagwira nalo ntchito, lisainire kuti lalandira. Mphunzitsi kapena wophunzira asatengeko kanthu, ngakhale kachidole kamene palibe anakafuna. Pomaliza, mapepala onse okhala ndi mayina a mabanja awonongedwe, ndipo gulu la chaka chino lilembere gulu la chaka chamawa tsamba limodzi la zimene zinavuta, ndi madeti ake.